Phiri la Mng'ono Wanga pa Sitampa

Pabanja pathu wojambula ndinali ine. Zimenezi zinkadziwika ku Nkolokosa konse, kuyambira kumpopi kumene amayi ankatunga madzi mpaka kutchalitchi. Abambo anachoka ku Nsanje ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo ankalakalaka ana awo awiri aamunafe titadzakhala makalaliki ovala tayi. Ine sukulu inandikanika pa masamu, koma dzanja linandipulumutsa. Ndinaphunzira kulemba zikwangwani kwa mkulu wina wa ku Ndirande, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi, ndalama ya kwacha itangoyamba kuzolowereka m'manja mwa anthu, ndinali ndi kashedi kangakanga ka malata kuseri kwa sitolo za amwenye ku Limbe. Ndinali nditakwatira kumene, tikuchita lendi ku Naperi.

Mitu yometedwa bwino ya pazitseko za ometa tsitsi, makapu ofuka nthunzi a pamatiyirumu, ng'ombe zonenepa za pamabutchala, zambiri mwa izo zinali dzanja langa. Zikamveka kuti mtsogoleri wa dziko akubwera mumzinda, a chipani ankabwera ndi nsalu zazitali kuti ndilembepo mawu omulandira, ndipo ndinkaima m'khamu la anthu n'kumayang'ana zilembo zanga zikukupiza pamwamba pa msewu. Sindinkadzitama pakamwa, koma mumtima ndinkadziwa malo anga.

Mng'ono wanga anali munthu wofatsa, wochedwa kuyankha ngakhale wamva. Ali pasukulu ankabwera kushedi patchuthi kudzanditsukira maburashi ndi palafini, ndipo ndine ndinamuonetsa kasakanizidwe ka penti, kuti wobiriwira amabadwa bwanji, kuti woyera suthira wambiri nthawi imodzi. Ntchito ya zikwangwani sinamukhale. Ankatopa ndi kuyeza mizere. Atasiya sukulu analowa ntchito pa lole ya dalaivala wina wachisilamu woyandikana ndi makolo athu, amene ankanyamula matabwa kuchokera ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kubwera nawo ku Limbe. Ankabwerako akununkha mkungudza, m'thumba muli tizidutswa ta makatoni tokandakanda ndi makala. Ndinkatiyang'ana mwaukulu, n'kumuuza pamene walakwitsa. Iye ankangoti, "Chabwino achimwene," osakonza chilichonse.

Tsiku lina mphunzitsi wina amene anadzalembetsa chikwangwani cha sukulu anandiuza kuti kuholo ina m'tauni kudzakhala chionetsero cha zojambula, ndipo Mmalawi aliyense wokhala ndi chithunzi chake akhoza kupititsa. Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinagula bolodi latsopano n'kuyamba kujambula msewu waukulu wa mu Blantyre, ndi nsanja ya wotchi ija, mabasi, amayi a zitenje zawo, wapolisi wolondolera magalimoto, zenera lililonse pamalo pake. Ndinatha milungu ndikuweramira bolodi limenelo ndikaweruka. Mkazi wanga ankabwera kudzaona n'kumaloza sitolo imene tinagulako mapoto.

Kutatsala pang'ono kuti chionetsero chiyambe, mng'ono wanga anafika kushedi.

"Achimwene, mulibeko penti wotsala? Ndi kabolodi kena kalikonse."

"Ukufuna kupenta lole?"

"Ndimati nanenso ndiyeseko."

Ndinaseka, koma ndinamupatsa. Ndinamusankhira zitini zofika pansi, wabuluu woyamba kuuma, wotuwa wotsala popenta zitseko za galaja ina, woyera pang'ono, ndi chidutswa cha bolodi chothyoka ngodya. Lamulungu lake, tikuchokera kutchalitchi, anakhala pakhonde la makolo athu n'kujambula mpaka dzuwa kupendeka. Nditapita kukasuzumira ndinapeza mwala umodzi wokha. Unadzaza bolodi lonse kuchokera pansi mpaka m'mwamba, wakuda mbali imodzi, wotuwa mbali inayo, kamtambo kopyapyala katauzinga m'chiuno. Pansi penipeni panali kamzere kobiriwira kochepa ngati chikhadabo. Munthu panalibe, mtengo panalibe, mbalame panalibe. Ndipo mwalawo unali wopendekera kwa woyang'ana.

"Ndi chiyani chimenechi?"

"Chambe, achimwene. Nsonga ija imaoneka tikamakweza matabwa."

"Phiri lako likugwatu."

Anamwetulira osakweza mutu. "Likagwa mudzalidzutsa ndinu."

Kuholo kuja chithunzi changa anachipachika pafupi ndi khomo, pamalo abwino. Ndinaima chapatali ndi jekete langa la ukwati kuti ndione anthu. Ankafika pa changa n'kusangalala. "Taonani, si sitolo ija iyi? Basi ya ku Chilomoni iyi!" Ankaloza, kuseka, n'kupitirira. Cha mng'ono wanga chinali pakona, pafupi ndi zenera. Pamenepo anthu sankaloza kanthu. Ankangoima, macheza n'kutha okha, ena n'kubwerera m'mbuyo pang'ono ngati wina wawakankha pachifuwa. Mayi wina wachikulire anaimapo nthawi yaitali chikwama atachikumbatira. Ndinadziuza kuti anthuwo akudabwa ndi kupendekera kuja. Mwini wake tsiku limenelo kunalibe n'komwe, anali pamsewu ndi lole.

Panapita miyezi, nkhani ya chionetsero n'kuiwalika. Kenako masana ena mtsikana wa nyumba yoyandikana ndi makolo anafika kushedi ali wefuwefu, akuti amayi akundifuna msangamsanga, kwabwera galimoto ya boma. Masiku amenewo galimoto ya boma ikaima pakhomo pako, unkangodziwa kuti pali mlandu. Ndinathamanga osasamba m'manja, mutu ukufufuza ngati pali chilembo chimene ndinalakwitsa pa nsalu za chipani zija.

Ndinapeza azibambo awiri a masuti atakhala pamipando yathu ya alendo. Amayi anali ataima pakhomo la kuchipinda, makhadi a chipani a banja lonse ali m'manja ngakhale panalibe amene anawafunsa. Panja anthu anali atayamba kusesa mabwalo osesa kale.

"Awa ndi amene amajambula," anatero amayi. "Mwana wanga wamkulu."

Mmodzi wa azibambowo anaimirira n'kundigwira dzanja, penti ndi penti yemwe. Anali wansangala. Anati achokera ku likulu la mapositi, tisaope, abwera ndi nkhani yabwino. Akuluakulu anaona chithunzi kuchionetsero kuja ndipo akufuna chikhale pa imodzi mwa masitampa atsopano oonetsa malo okongola a dziko lathu. Ndinaiona nsanja ya wotchi ija ili pakona ya envulopu.

"Ndiye ndinu amene munajambula Chambe?"

Ndikukumbuka kuti m'nyumba munkamveka fungo la palafini lochokera m'malaya anga.

"Ayi bwana. Ameneyo ndi mng'ono wanga. Ali ku Mulanje, abwera mawa."

"Oo, pepani. Ndiye m'banja muno luso ndi lambiri," anatero mwaulemu, n'kubweza dzanja lake. Anatembenukira kwa amayi n'kuyamba kufunsa za mng'ono wanga, zaka zake, kumene anaphunzira. Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono, makhadi aja ali pamiyendo. Ankandiyang'ana ine, kenako alendowo, ngati akuganiza kuti pali amene wasokoneza ana awo.

Sitampa itatuluka, abambo anapempha chilolezo kuntchito n'kukaima pamzere ku positi ya ku Limbe. Anabwera nayo atayiika pakati pa buku la nyimbo kuti isapindike. Tonse tinaunjikana pathebulo. Kanali kanthu kakang'ono, ka mano m'mbali, koti ukhoza kukaphimba ndi chala chachikulu. Ndinkayembekeza kuti kuchepako kuliwononga phirilo, kuti lisanduka kachiphuphu kotuwa. Silinatero. Linaima momwemuja, lakuda mbali imodzi, kamtambo m'chiuno, likupendekerabe kwa iwe. Wotuwa uja ndinamuzindikira. Anali wa zitseko za galaja.

"Iwe ndi amene uli ndi zipangizo," amayi anandiuza. "Utipangire felemu yabwino, ya galasi."

Ndinapanga. Ndinasankha thabwa labwino, kulipala, kulipaka vanishi, kuika pepala loyera kumbuyo kuti kasitampako kaoneke pakati. Ndinagwira ntchito imeneyo mosamala kuposa ina iliyonse mwezi umenewo, mano nditaluma. Anaipachika pabalaza m'munsi pang'ono mwa chithunzi cha mtsogoleri, ndipo mlendo aliyense ankayamba waimitsidwa pamenepo asanapatsidwe mpando. Kabati imene inali pansi pake ndinaipenta ndine, ndi maluwa m'zitseko, koma tsopano ntchito yake inali yoti anthu azitsamirapo manja poyang'anitsitsa sitampa.

Dzina la mng'ono wanga silinalembedwe pa sitampapo, koma Nkolokosa yonse inadziwa, Limbe n'kudziwanso. Abusa anazitchula pa zolengeza. Adalaivala aja ankanyadira ngati mwana ndi wawo, ankauza aliyense pamalo okwezera matabwa kuti phirilo linajambulidwa ndi munthu wa pa lole yawo. Ine dzina langa linasintha osandifunsa. Munthu ankafika pashedi n'kunena kuti, "Ndinu achimwene ake a uja wa sitampa eti?" Ndikapita ku positi kukatumiza kalata kwa amalume ku Nsanje, ndinkapempha sitampa ya mtundu wina uliwonse. Tsiku lina zinazo zinali zitatha. Ndinaima pakauntala n'kunyambita kumsana kwa phiri la mng'ono wanga, kulimata, kulitsindika ndi chibakera.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali choti iye sanasinthe. Akanayamba kudzimva, ndikanapeza pomugwira. Koma ankadzukabe m'mamawa kukakwera lole, ankanditchulabe achimwene, ankabwerabe kushedi kudzakhala pachitini n'kumandiyang'ana ndikugwira ntchito. Anthu akamuyamikira ine ndili pomwepo ankati, "Penti anandipatsa ndi achimwenewa, ndi amene anandiphunzitsa." Anthuwo ankandiyang'ana mokoma mtima, monga muyang'anira munthu amene anagwirizira makwerero.

Ngakhale kunyumba kwanga nkhaniyi inalowa. Mkazi wanga, akusita, anangoti, "Koma alamu ali ndi dzanja, inu."

"Ine ndilibe?"

"Inu muli nalo, aliyense amadziwa. Ndikungoti alamu nawonso."

Mawu akuti nawonso amenewo ndinagona nawo, kudzuka nawo.

Ndiye kunabwera mayi wina amene ankatsegula tiyirumu pafupi ndi msika wa Limbe. Anatulutsa envulopu yakale m'chikwama n'kuloza pakona. Ankafuna phiri lomwelo pakhoma la tiyirumu yake, lalikulu, loti munthu aziliona ali kutsidya kwa msewu. Ndinayesa kumukopa ndi kapu yofuka nthunzi, anakana. Ntchito sukana, ndinavomera. Ndinaima pamakwerero masiku angapo, envulopu ili m'thumba la malaya, ndikukopera mng'ono wanga mzere ndi mzere. Nditatsika n'kuwoloka msewu kuti ndione, ndinapeza phiri labwinobwino, laukhondo, lokhala phee ngati chulu. Mayiyo anakondwa. Ine ndinadziwa kuti china chake chasowa, ndipo sindinathe kuchitchula.

Ndinaganiza kuti vuto ndi loti sindinalionepo ndi maso anga. Ndinauza mkazi wanga kuti Loweruka ndikupita ku Mulanje.

"Mukukaliona kapena mukukalijambula?"

"Pali kusiyana?"

Anandiphikira mbatata n'kuzikulunga m'pepala.

Ndinakwera basi ku Limbe, mapensulo ndi mapepala zili m'chikwama. Titadutsa minda ya tiyi ya ku Thyolo, chiperoni chinatsika. Pofika ku Likhubula kunali mtambo wokhawokha ndi mvula yowaza, phiri osaoneka ngakhale phazi lake. Ndinafunsa ocheka matabwa kuti Chambe ali mbali iti, mmodzi anangoloza m'mwamba mwa utsi woyerawo. Ndinakhala pansi pa shedi yawo tsiku lonse ndikunjenjemera, ndipo anandilola kugona pomwepo, pa utuchi.

M'mawa mwake nditatuluka, kumwamba kunali kutayera. Chambe anali patsogolo panga, thanthwe limodzi lokwera ngati khoma, lonyowa, likunyezimira pamene dzuwa linagunda. Ndinaima kukamwa kuli yasa, sindikana. Koma posakhalitsa ndinatulutsa envulopu ija n'kuyamba kufananiza, ndipo chimwemwe chinandigwira choti ndikanatha kuvina. Phiri lenileni linali lotambalala kuposa la pa sitampa. Linali ndi phewa kumbali limene mng'ono wanga analisiya. M'munsi munali mitengo yambirimbiri. Ndipo silinkapendekera kwa munthu ayi, linaima chilili. Mwanayu ananama, ndinadziuza. Dziko lonse likunyambita bodza.

Ndinakhala pamwala n'kujambula mpaka masana, kuyeza ndi pensulo patsogolo pa diso, mng'alu uliwonse pamalo pake. Pobwerera m'basi ndinakumbatira chikwama njira yonse.

Lamulungu lotsatira tinakadya kwa makolo monga mwa chizolowezi. Titatha kudya ndinatulutsa pepala langa n'kuliyala pathebulo, pansi pa felemu ija.

"Chambe weniweni ndi uyu," ndinatero. "Ndinapitako. Iwe, phewa ili unalisiya kuti? Nanga kupendekera kuja unakutenga kuti?"

Mng'ono wanga anapukuta m'manja n'kuweramira pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, akutsata mizere ndi chala osakhudza.

"Ndi momwemudi, achimwene. Lanuli ndiye lolondola. Ngakhale kamng'alu aka mwakaika."

"Nanga iwe unkajambula chiyani?"

Anakanda m'mutu. "Tsiku loyamba kufika kumene kuja, titatha kukweza, adalaivala anayala mkeka wawo pambali kuti apemphere. Ine ndinakwera pamwamba pa matabwa n'kugona chagada kuti ndipumule. Nditatsegula maso, mitambo inkathamanga kuseri kwa nsonga, ndiye ndinaona ngati mwala wonse uja ukubwera pa ine. Ndinalumpha pa lole, achimwene, mpaka kusupuka bondo. Ocheka matabwa anandiseka tsiku lonse. Mapiri a Soche ndi Ndirande tinawazolowera, koma lija linandiopsa. Ndiye ndikati ndijambule, limabwera ndi lomwe linandigweralo. Linalo sindilikumbuka bwino."

Analankhula ngati akupepesa. Abambo anatenga pepala langa, kulitalikitsa ndi maso, n'kugwedeza mutu. "Ili ndi phiri ndithu," anatero, n'kundibwezera. Amayi anayamba kusonkhanitsa mbale.

Pobwerera ku Naperi madzulo amenewo tinayenda mpaka pamlatho. Kenako mkazi wanga anati, "Lanu lija ndi phiri loti munthu akhoza kukwera. La alamu ndi loti uthawe." Ankafuna kunditonthoza, ndikudziwa. Titafika kunyumba, tiyi wa tsiku limenelo ndinamusiya kuti azizire.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe, mng'ono wanga anaitanidwa ndi kampani ina yosindikiza mabuku kumeneko kuti azijambula zithunzi za m'mabuku a ana asukulu. Anasiya lole, anapita, anakwatira komweko. Ine ndinatsala ndi shedi yanga, ntchito inkayenda, ndinalemba anyamata awiri, kenako tinapeza malo ku Chigumula n'kumanga kanyumba, kuseri kuli kamunda ka chimanga. Kutalikirana kunandithandiza. Ndinkatha kumuyamikira pamaso pa anthu osamva kuwawa kwenikweni, ndipo akabwera pa Khirisimasi tinkacheza bwino ngati pachibale.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anayamba kujambula asanadziwe kulemba dzina lake. Ankajambula pansi ndi kamtengo, pakhoma ndi makala, kumbuyo kwa makalendala. Ndinkamutenga kushedi Loweruka, kumuonetsa kagwiridwe ka burashi, ndipo mumtima ndinkati uyu yekha ndi wanga. Ali kumapeto kwa pulayimale anabwera kunyumba ndi buku la kusukulu n'kulitsegula pamiyendo panga. Panali chithunzi cha mayi akuwoloka mtsinje wodzaza, mwana ali kumsana, madzi akumukokera chitenje.

"Aphunzitsi akuti anajambula ndi bambo aang'ono. Zoona, ababa?"

"Zoona."

"Taonani madziwo. Ngati akumveka."

Anakopera chithunzi chimenecho kambirimbiri. Tchuthi chitayandikira anadikira ndadya, ndasamba m'manja, ndiye anagwada pafupi ndi mpando wanga.

"Ababa, ndimati tchuthi chino ndikakhale ku Lilongwe. Bambo aang'ono akandiphunzitseko."

Mkazi wanga, amene anali pakhomo la kukhitchini, anandiyang'ana n'kutembenuka msanga. Ndinafuna kufunsa kuti kodi kuno kulibe wokuphunzitsa, koma nkhope ya mwanayo inali yowala kwambiri.

"Upita," ndinatero.

Ndinamuperekeza ndekha kudepoti. Basi isananyamuke ndinamupatsira pazenera burashi yanga yabwino koposa, ya ubweya wofewa, imene sindinkalola ngakhale anyamata a kushedi kuigwira. Ndinaikulunga m'nsalu yoyera. Anathokoza ndi manja awiri.

Anabwerako sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, atanenepa, zala zili zakuda ndi inki, pakamwa pali bambo aang'ono okhaokha. Anayala zojambula zake pamkeka, ndipo zinali zabwino, zabwino zedi, zina zoti ine sindikanazitha. Pomaliza anapisa m'chikwama n'kutulutsa kansalu koyera kaja, mfundo yake ili yomwe ndinamanga ine.

"Kumeneko timagwiritsa ntchito zolembera za inki, ababa. Koma ndinaisunga bwino, sinathothoke ngakhale kaubweya kamodzi."

Ndinailandira n'kumuuza kuti wachita bwino. Lolemba m'mawa ndinapita nayo kushedi, chifukwa kunali lole ya munthu wina imene inkadikira kulembedwa pachitseko.